Kutsuka ndalama zachitsulo

Kutsuka ndalama zachitsulo ndi ntchito yochotsa litsiro, mafuta, dothi kapena kuthimbirira pa ndalama zosulidwa ndi zitsulo monga mkuwa, nikelo, siliva ndi golide. Anthu ambiri amachita zimenezi kunyumba kwawo pongosangalatsidwa nazo. Ena amasonkhanitsa ndalama zakale za mayiko osiyanasiyana, ena amazifukula m'nthaka ndi makina ofufuzira zitsulo, ndipo ena amangozipeza m'chitini kapena m'sutikesi imene makolo awo anasiya, n'kufuna kuziona zikuwala ngati kale. Aphunzitsi a sayansi nawonso amatsukitsa ana makobiri pofuna kuwaonetsa mmene asidi amadyera chitsulo.

Ngakhale ntchitoyi imaoneka yophweka, akatswiri a ndalama zakale amachenjeza kuti kawirikawiri imawononga zambiri kuposa zimene imakonza. Iwo amasiyanitsa zinthu ziwiri. Choyamba ndi litsiro limene langomatirira pamwamba pa ndalama, lomwe limachoka popanda kuivulaza. Chachiwiri ndi kuthimbirira, komwe ndi chitsulo chenicheni cha ndalamayo chimene chasintha mtundu. Kuthimbirira kukamachoka kumapita ndi kachigawo ka ndalamayo, ndipo chimene chachokacho sichibwezereka. N'chifukwa chake ndalama yosowa ikakwechedwa mpaka kuwala imagulidwa pa mtengo wotsika kuposa inzake imene yasiyidwa ili yakuda.

Chimene chimadetsa ndalama

Ndalama ikamayenda m'manja, m'matumba ndi pamalonda imatola thukuta, mafuta a pakhungu, fumbi ndi zotsalira za zakudya. Zimenezi zimadzaza m'tingodya ta zilembo ndi m'mphepete mwa chithunzi, n'kuuma ngati phula lakuda. Limeneli ndilo litsiro wamba.

Kuthimbirira kumayamba mwanjira ina. Mkuwa ukakumana ndi okosijeni wa mumpweya umapanga kachikuto kopyapyala ka copper oxide, kamene kamasintha ndalama yofiira kukhala yofiirira, kenako yoderapo. Pamalo achinyezi kusinthaku kumapitirira mpaka kutulutsa mtundu wobiriwira, monga umene umaoneka pa ziboliboli ndi madenga akale a mkuwa. Siliva sachita dzimbiri, koma amakoka sulufule amene amapezeka mumpweya, mu utsi, m'labala, mu ubweya ndi m'mapepala ena. Sulufuleyo akalumikizana ndi siliva amapanga silver sulfide. Kachikuto kameneka kakakhala kopyapyala kwambiri kamaoneka kachikasu, kofiirira kapena kabuluu ngati utawaleza, ndipo kakakhuthala kamada bii. Golide weniweni sathimbirira, ngakhale kuti mkuwa umene amausakaniza nawo pofuna kumulimbitsa nthawi zina umatulutsa timadontho tofiira.

Kachikuto kachilengedwe kameneka akatswiri amakatcha patina, ndipo pa siliva amakonda kunena kuti toning. Kakakhala kolimba ndi kosalala kamateteza chitsulo chimene chili pansi pake kuti mpweya usapitirize kuchidya. Kamakhalanso umboni wa msinkhu wa ndalamayo, ndipo osonkhanitsa ena amalipira ndalama zoonjezera pa siliva amene wathimbirira mokongola.

Pali mitundu iwiri ya kubiriwira imene ndi yoopsa. Woyamba umatchedwa bronze disease, kutanthauza matenda a mkuwa. Umayamba mchere wa chloride ukalowa m'chitsulo n'kukumana ndi chinyezi ndi mpweya. Umaoneka ngati kaufa kobiriwira motuwa kamene kamanyenyeka, ndipo pansi pake ndalama imakhala ikukumbika. Ukasiyidwa ukhoza kuibowola. Wachiwiri ndi utomoni wobiriwira wonanda umene umachokera m'timatumba tofewa ta pulasitiki wa PVC, timene anthu ena amasungiramo ndalama. Pa mitundu iwiriyi, ngakhale akatswiri amene amaletsa kutsuka amavomereza kuti ndalama iyenera kuthandizidwa msanga.

Kudziwa chitsulo cha ndalama

Munthu asanaviike ndalama m'chilichonse amayenera kudziwa chitsulo chake, chifukwa mankhwala amene sakhudza golide amatha kuwonongeratu mkuwa kapena zinki. Chaka chimene chalembedwa pa ndalamayo ndicho chimathandiza kwambiri, popeza mayiko akhala akusintha zitsulo malinga ndi kukwera mitengo kwake.

Ndalama zoyera za ku Britain, zimene zinkayendanso m'mayiko amene dzikolo linkalamulira, zinali ndi siliva wokwana 92.5 peresenti mpaka mu 1919. Kuyambira mu 1920 siliva anatsika kufika pa theka, ndipo kuchokera mu 1947 anachotsedweratu, m'malo mwake n'kuika mkuwa wosakaniza ndi nikelo. Msakanizo umenewu nthawi zambiri umakhala magawo 75 a mkuwa ndi 25 a nikelo, ndipo umaoneka woyera ngati siliva ngakhale mulibe siliva ndi pang'ono pomwe. Ku United States ndalama za masenti 10 ndi 25 zinali ndi siliva wa 90 peresenti mpaka mu 1964, pamene senti imodzi kuyambira mu 1982 ndi zinki wokutidwa ndi mkuwa wopyapyala.

Ndalama zakale zimene zimapezeka m'nyumba za ku Malawi ndi ku Zambia zili ndi mbiri yofanana ndi imeneyi. Za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland zinayamba kutuluka mu 1955. Kobiri lake lobowola pakati, lokhala ndi njovu ziwiri, ndi la mkuwa, pamene tiki, sheleni ndi zina zoyera ndi za mkuwa wosakaniza ndi nikelo. Malawi itayamba kugwiritsa ntchito kwacha mu 1971, ndalama za 1 tambala ndi 2 tambala zinali za mkuwa, ndipo za 5, 10 ndi 20 tambala zinali za mkuwa ndi nikelo. M'zaka za m'ma 1980 ndalama zing'onozing'onozi zinayamba kupangidwa ndi chitsulo wamba chongokutidwa pamwamba. Ndalama za K5 ndi K10 zolembedwa chaka cha 2006 zinali za zitsulo ziwiri, china pakati china mozungulira. Choncho mawu akuti masiliva, amene anthu amatchulira ndalama zachitsulo, sasonyeza kuti muli siliva.

Maginito amathandiza kusiyanitsa. Mkuwa, siliva, golide ndi msakanizo wa mkuwa ndi nikelo sizikokedwa, pamene ndalama yokhala ndi chitsulo wamba mkati imamatirira. Ndalama zokutidwazi ndizo zimawonongeka msanga, chifukwa chikuto chake chikapereseka kapena kudyedwa ndi asidi, chitsulo chamkati chimayamba dzimbiri limene silisiya.

Njira zofatsa

Njira imene akatswiri ambiri amailola ndi kuviika ndalama m'madzi osungunulidwa ndi nthunzi, aja amathira m'batire la galimoto. Madzi a pampopi amakhala ndi chlorine ndi michere ina imene imasiya mawanga. Ndalama imasiyidwa m'madzimo kwa maola kapena masiku angapo, madzi akusinthidwa, mpaka litsiro litafewa n'kusiyana nayo lokha.

Pa ndalama wamba zimene zikuyendabe pamalonda, madzi ofunda ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale n'zokwanira kuchotsa mafuta ndi tizilombo toyambitsa matenda. Ndalama imatsukidwa imodziimodzi m'mbale ya pulasitiki kuti zisakandane, kenako imatsukuluzidwa bwino n'kuikidwa pa nsalu yofewa kuti iume. Siipukutidwa mokhula, popeza kamchenga kamodzi kotsalira pansalu n'kokwanira kuijambula mzere.

Utomoni wa PVC, guluu ndi zotsalira za tepi zimasungunuka mu acetone. Mankhwalawa amasungunula mafuta ndi mapulasitiki koma sachotsa kuthimbirira, n'chifukwa chake osonkhanitsa amawakhulupirira. Amafunika acetone wosasakaniza, wothiridwa m'botolo lagalasi. Mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, ngakhale ali ndi acetone, amakhalanso ndi mafuta ndi zonunkhiritsa zimene zimatsalira pa ndalama.

Litsiro lokakamira m'zilembo ena amalitokosa ndi kamtengo kofewa kapena munga, ndalamayo ili yonyowa, akuyang'ana pa galasi lokulitsa zinthu. Singano ndi mpeni sizigwiritsidwa ntchito chifukwa n'zolimba kuposa mkuwa ndi siliva.

Njira za asidi ndi zokwecha

Njira yotchuka kwambiri m'makomo ndi ya viniga ndi mchere. Viniga wa kukhitchini amakhala ndi acetic acid wokwana pafupifupi 5 peresenti. Asidiyu amasungunula copper oxide, ndipo mchere umafulumizitsa ntchitoyo, moti kobiri lakuda limayera pa mphindi zochepa. Madzi a mandimu amachita chimodzimodzi chifukwa cha citric acid, ndipo zakumwa za kola zimatero pang'onopang'ono chifukwa cha phosphoric acid. Mkuwa umene wasungunuka umatsalira m'madzimo. Msomali woyera ukaviikidwa m'viniga amene munatsukidwa makobiri ambiri umatuluka utakutidwa ndi kachikuto kofiira, ndipo umenewu ndi umboni wooneka ndi maso wakuti asidi wachotsa chitsulo osati litsiro lokha.

Ndalama yotsukidwa motero imakhala ndi mtundu wofiira motuwa umene ndalama yatsopano ilibe, ndipo ikaonedwa pa galasi lokulitsa imakhala ndi timaenje. Popeza chikuto choiteteza chachoka, imathimbiriranso msanga, nthawi zambiri mwamawangamawanga. Ikapanda kutsukuluzidwa bwino, mchere wotsalira umatulutsa kubiriwira pa masiku ochepa ndipo ukhoza kuyambitsa matenda a mkuwa aja.

Zokwecha zimawononga mwanjira ina. Phulusa, mchenga, waya wokwechera mapoto, mankhwala otsukira mano, soda wouma ndi polishi wa zitsulo monga Brasso zonse zimagwira ntchito poperesa pamwamba pa chitsulo. Zimachotsa kuda, koma zimasiya timizere tambirimbiri tolowera mbali imodzi, zimafafaniza tsitsi ndi nthenga za pa chithunzi, ndipo zimabweretsa kuwala kwa ngati chikho chopukutidwa. Pa poto kapena belu kuwala kumeneku n'kofunika, koma pa ndalama ndi chizindikiro cha kuwonongeka.

Siliva

Siliva wakuda ali ndi njira zake ziwiri. Yoyamba ndi yoyala pepala la aluminiyamu m'mbale, kuikapo ndalama, kuthira soda wophikira ndi madzi otentha. Aluminiyamu amalanda sulufule kwa siliva, ndipo pamatuluka fungo longa la dzira lovunda. Njirayi siperesa chitsulo, komabe siliva amene wamasulidwayo sabwerera mmene analili poyamba, choncho ndalama imatha kutsala yotuwa ndi yopanda moyo.

Yachiwiri ndi ya mankhwala ogulitsidwa m'masitolo, amene nthawi zambiri amakhala thiourea wosakaniza ndi asidi. Ndalama imaviikidwa kwa masekondi ochepa chabe n'kutsukuluzidwa nthawi yomweyo. Ogulitsa ndalama zakale akhala akuchita zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo zikachitika kamodzi mwaluso sizizindikirika msanga. Koma kuviika kulikonse kumachotsa kachigawo ka siliva, moti ndalama yoviikidwa kangapo imataya kunyezimira kwake kotheratu.

Ndalama zofukulidwa m'nthaka

Ndalama zimene zakhala m'dothi kwa zaka mazana, monga za Aroma zimene zimafukulidwa ku Ulaya, zimatuluka zitakutidwa ndi chikhungwa cholimba moti zilembo sizioneka. Pa ndalama zoterezi kutsuka sikupeweka, ndipo pali anthu amene amagula ndalama zosatsuka mwadala kuti azisangalala ndi kuzivundukula okha. Cholinga chawo chimakhala kuchotsa dothi mpaka kufika pa patina n'kulekera pomwepo, chifukwa pa ndalama zambiri zakale chithunzi chimakhala chitasungika mu patinamo, ndipo pansi pake pali chitsulo chokumbikakumbika.

Ntchitoyi imatenga masabata kapena miyezi. Amaviika m'madzi osungunulidwa, kutsuka ndi mswachi wofewa, kutokosa pang'ono, n'kubwezeranso m'madzi. Ena amaviika m'mafuta a maolivi, koma mafutawa ali ndi asidi pang'ono ndipo amadetsa mkuwa. Njira yachidule ndi yodutsitsa magetsi ochepa m'madzi a soda, ndalama italumikizidwa ku waya. Imachotsa chikhungwa msanga, koma kawirikawiri imachotsera limodzi patina ndi chithunzi chomwe. Matenda a mkuwa amathetsedwa poviika ndalama kwa nthawi yaitali mu sodium sesquicarbonate kuti mchere utuluke, kenako kuiumitsa bwino. Osamalira zinthu zakale m'nyumba zosungiramo mbiri amagwiritsanso ntchito benzotriazole.

Ndalama zikapezeka zambiri pamalo amodzi, nkhaniyo imakhudzanso malamulo ndi mbiri ya dziko. Ku England, Wales ndi Northern Ireland lamulo la Treasure Act la mu 1996 limalamula wopeza chuma chokwiriridwa kuti akanene pasanathe masiku 14, ndipo opeza amalangizidwa kuti asachitsuke. Mu 2010 Dave Crisp anapeza mtsuko waukulu pafupi ndi tauni ya Frome ku England, ndipo anausiya m'nthaka mpaka akatswiri ofukula zakale atafika. Mumtsukomo munali ndalama za Aroma zokwana 52,503, zimene zinakatsukidwa ndi akatswiri ku British Museum. Chifukwa chakuti zinachotsedwa mwadongosolo, ofufuza anatha kuona mmene zinaikidwira mumtsukomo, zimene sizikanadziwika zikanakhuthulidwa n'kutsukidwa kunyumba.

Mmene kutsuka kumakhudzira mtengo

Ndalama imapangidwa podinda kachitsulo kozungulira pakati pa zidindo ziwiri ndi mphamvu ya matani ambiri. Pa nthawiyo chitsulo chimayenda kuchokera pakati kupita m'mphepete, n'kusiya timizere tosaoneka ndi maso. Timizereti ndi timene timachititsa kuti ndalama yatsopano ikapendeketsedwa pa kuwala, kunyezimira kwake kuzizungulira ngati masipoko a njinga. Kunyezimira kumeneku kumabadwa kamodzi kokha. Asidi kapena polishi akafafaniza timizereto, palibe njira yotibwezeretsera, ndipo katswiri amazindikira zimenezi akangotembenuza ndalamayo pansi pa nyale.

Pamsika wa ndalama zakale, ubwino wa ndalama umayezedwa ndi manambala oyambira pa 1 mpaka 70. Muyesowu anauyambitsa ndi William H. Sheldon mu 1949 poyeza masenti akale a ku America, ndipo pambuyo pake unafalikira ku ndalama zina. Makampani awiri akuluakulu oyeza ndalama, PCGS amene anayamba mu 1986 ndi NGC amene anayamba mu 1987, sapereka nambala kwa ndalama imene yaonekeratu kuti inatsukidwa mowononga. M'malo mwake amalemba pa chikuto chake kuti ndi yeniyeni koma inatsukidwa, ndipo ogula amaitsitsa mtengo. Ndalama ikakhala yosowa kwambiri, chimene mwini wake amataya chimakhalanso chachikulu.

Makampani omwewa ali ndi nthambi zosamalira ndalama, zimene zimachotsa litsiro ndi utomoni popanda kusintha chitsulo. Ndalama zagolide zokwana 1,427 zimene banja lina linapeza m'zitini zadzimbiri pamalo ake ku California mu 2013 zinayeretsedwa ndi akatswiri, ndipo mtengo wake wonse unayerekezedwa kukhala pafupifupi madola 10 miliyoni.

Komabe si ndalama iliyonse yakale imene ili yamtengo wapatali. Zambiri zinapangidwa mamiliyoni, ndipo zikakhala zoperesekapereseka zimagulidwa motchipa ngakhale zili ndi zaka 60 kapena kuposerapo. Pa ndalama zoterezi palibe chachikulu chimene chimatayika, ndipo ndi zimene oyamba kumene amaphunzirirapo. Vuto limakhala lakuti munthu wosadziwa sangasiyanitse yosowa ndi yawamba pongoyang'ana, popeza kusiyana kwake nthawi zina kumakhala chaka chokha kapena kachilembo kamodzi. N'chifukwa chake lamulo la osonkhanitsa ndi lakuti ndalama izindikiridwe kaye isanakhudze madzi.

Mbiri

Kudana ndi kutsuka ndalama sikunayambe kalekale. M'zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1900 osonkhanitsa ambiri, ngakhalenso osamalira nyumba zosungiramo zinthu zakale, ankapukuta ndalama zawo kuti ziziwala, ndipo ena ankazipaka vanishi. Zotsatira zake n'zakuti ndalama zambiri za nthawi imeneyo zimene zilipo lero zili ndi zipsera za kutsukidwa. Maganizo anasintha pamene kuyeza ubwino wa ndalama kunakhwima ndipo ogula anayamba kufuna zimene sizinakhudzidwepo.

Mankhwala amene ankagwiritsidwa ntchito kalelo ena anali akupha. Mu June 1922 J. Sanford Saltus, amene ankathandiza kwambiri bungwe la American Numismatic Society, anafera mu hotela ina ku London atamwa mwangozi potassium cyanide amene ankatsukira ndalama zasiliva.

Kutsuka ndalama pofuna ukhondo chabe kuli ndi mbiri yakeyake. Hotela ya St. Francis ku San Francisco inayamba kutsuka ndalama zachitsulo za chenji m'zaka za m'ma 1930, pofuna kuti zisamadetse magolovesi oyera a amayi obwera pahotelapo, ndipo inatchuka ndi mwambo umenewu kwa zaka zambiri.

Ngozi

Acetone amagwira moto msanga ndipo nthunzi yake imapweteketsa mutu, choncho amafunika malo opita mphepo, kutali ndi mbaula, kandulo ndi fodya. Mankhwala oyeretsera zovala okhala ndi chlorine, monga Jik, akasakanizidwa ndi viniga kapena asidi wina amatulutsa mpweya wa poizoni umene umawononga mapapo. Pa okha mankhwalawa amadetsanso siliva m'malo momuyeretsa. Asidi wa m'batire amawotcha khungu ndi maso, ndipo amawononganso ndalama. Thiourea amaganiziridwa kuti akhoza kuyambitsa khansa, n'chifukwa chake ogwiritsa ntchito amavala magolovesi. Madzi amene munatsukidwa mkuwa amakhala ndi poizoni, motero ziwiya zake sizibwereranso kukhitchini, ndipo mankhwala onse amasungidwa m'mabotolo olembedwa bwino, patali ndi ana ndi zakumwa.

Kasungidwe

Kusunga bwino kumachepetsa kufunika kotsuka. Ndalama imagwiridwa m'mphepete, ndi manja oyera ndi ouma kapena ovala magolovesi a thonje, chifukwa chidindo cha chala chikakhalitsa chimadyerera m'chitsulo ndipo sichichokanso. Iliyonse imaikidwa payokha, m'kachikuto ka pulasitiki wolimba kapena m'kathumba kopanda PVC, osati m'chitini momwe zimakhulana. Labala, nyuzipepala, makatoni ndi nsalu za ubweya zimaikidwa kutali ndi siliva. M'madera otentha ndi achinyezi, makamaka m'nyengo ya dzinja, bokosi lotsekeka bwino lokhala ndi timapaketi ta silica gel limateteza mkuwa kuti usabiriwire. Ndalama zakale zofukulidwa m'nthaka ena amazipaka phula lopyapyala la Renaissance Wax, limene linapangidwa koyamba ku British Museum m'zaka za m'ma 1950, kuti chinyezi chisafike pa chitsulo.